Kulondola mapazi a matchona ku Harare: momwe ntchito ikuyendera

Lachitatu, 28 Febuluwale 2024

Aphunzitsi ondiyang'anira ku Zomba anandilangiza kuti ndisadikire lipoti la kumapeto, koma ndizilemba ntchito ikadali m'manja, ndiye ndayamba lero. Ndili pa University of Zimbabwe kwa semesita imodzi, pa ndondomeko yosinthana ophunzira. Kupatula za m'kalasi, ndabwera ndi ntchito yangayanga: kusonkhanitsa mbiri ya anthu a ku Nyasaland amene anadzagwira ntchito mumzinda uno ukadatchedwa Salisbury, ndi kumva kwa ana awo ndi zidzukulu zawo momwe moyo ukuwayendera. Dongosolo lomwe ndinalemba ndisananyamuke ndi lakuti Malichi ndiwerenge mafaelo akale ku National Archives, Epulo ndi Meyi ndicheze ndi anthu, Juni ndilembe.

Ndinabwera pa basi yochokera ku Blantyre, kudzera pa Mwanza ndi Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenako Nyamapanda ndi Mutoko. Basi ndinaisankha dala. Njira imeneyi ndi yomwe ambiri mwa anthu amene ndikuwalondola anadutsa, ena wapansi kwa milungu, ena pa malole a Ulere omwe boma la Southern Rhodesia linkatutira antchito osawalipiritsa. Chomwe chinandidetsa nkhawa panjira ndi chimanga. Kuyambira ku Mwanza mpaka kulowa mumzinda uno, m'minda yambiri chanyala chisanamasule, masamba atapiringizika. Mvula yadula mwezi wathunthu pamene mbewu zimaifunitsitsa.

Ndikugona ku hositelo pa sukulu pompano ku Mount Pleasant. Mnzanga wa m'chipinda ndi wa ku Masvingo, amaphunzira zamalamulo, ndipo wandiphunzitsa kale moni wa Chishona ndi kakweredwe ka kombi, maminibasi a kuno. Sukulu ino inayamba m'nthawi ya chitaganya ndi dzina lakuti University College of Rhodesia and Nyasaland, koma anzanga ena a m'kalasi anachita kudabwa nditawauza kuti Nyasaland wotchulidwa pamenepo ndi kwathu.

Lamulungu, 3 Malichi

Kwathu lero ndi tsiku lokumbukira amene anafera ufulu mu 1959. Kuno ndi Lamulungu wamba. Mtima sunandilole kukhala m'chipinda, ndiye ndinakwera kombi ziwiri kupita ku tchalitchi cha CCAP ku Mbare. Mpingo umenewu unabadwa chifukwa cha antchito a kwathu. A ku Nkhoma anatumiza mbusa kuno mu 1912 kudzawasamalira, ndipo mu 1965 Harare inawerengedwa ngati sinodi ya CCAP.

Atati alendo aimirire, ndinaimirira n'kutchula dzina ndi sukulu. Za sukuluzo palibe anazilabadira. Titatuluka, akulu ampingo ena, a imvi mutu wonse, anandikodola.

"Bwera kuno mwanawe. Kwanu ndi kuti?"

"Ku Balaka, bambo."

"Balaka ndi wamkulu. Mfumu yako ndani? Mfunda wako ndani?"

Nditayankha, anaitana anzawo, anzawonso anaitana anzawo, mpaka ndinapezeka pakati pa gulu. Chifukwa cha kolera yemwe wavuta mumzinda uno kuyambira chaka chatha, anthu sakugwirana chanza, choncho aliyense amangondiombera m'manja. Wina amafunsa ngati sitima ikadaima pa Balaka, wina ngati ku Ntcheu akadalima mawere. Akuluakuluwa Chichewa chawo n'chokhwima, chosakanizika ndi Chishona apa ndi apo. Achinyamata amamva zonse koma amayankha m'Chishona.

Bambo wina wa zaka zoposa 80 ndi yekhayo amene anakumbukira tsikuli osauzidwa. Anali mnyamata mu 1959, ndipo anati nkhani yakuti Kamuzu wagwidwa n'kubweretsedwa kundende ya ku Gwelo, pomwe anzake ena anawatsekera ku Khami, inkayenda monong'ona m'mahositelo a antchito a ku Matapi. Ndinalibe chojambulira mawu, komanso chilolezo chofunsira anthu ndinalibe. Ndinangomvetsera. Masana banja lina linanditengera kwawo, ndipo ndinadya nsima ya matemba ndi masamba otchedwa kovo. Kufika usiku uno m'foni mwanga muli manambala a mabanja a ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi Dzivarasekwa.

Lachisanu, 15 Malichi

Chilolezo chochitira kafukufuku sichinatulukebe. Mapepala onse ndinapereka ku ofesi yoyenera, akuti ndidikire. Popanda icho sindingatsegule mafaelo akale, sindingajambulenso munthu mawu, ndiye dongosolo la Malichi lagwa.

M'malo mwake ndakhala ndikuwerenga zosindikizidwa kale mu laibulale. Komiti yomwe bwanamkubwa wa Nyasaland anakhazikitsa mu 1935 inapeza kuti anthu pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko pa ntchito, ndipo ena ambiri mwa iwo anali atasiya kulemba makalata kapena kutumiza kanthu kumudzi. Zowathamangitsa n'zodziwika: msonkho wa nyumba womwe unkafuna ndalama pomwe ndalamazo kunalibe kozipeza, thangata m'maesiteti a kumwera, ndi malipiro omwe kuno anali okwererapo. Mu 1936 maboma atatu, la Nyasaland ndi a Rhodesia awiri aja, anagwirizana mumzinda uno za kayendetsedwe ka antchitowa. Chomwe chikundivuta n'chakuti zolembedwazi zimawerenga amuna okhaokha. Amayi omwe anatsatira amuna awo, kapena anabwera okha n'kumaphika mowa ndi kuchapira anthu zovala, sakuoneka. Ndasintha mndandanda wa anthu ocheza nawo kuti theka akhale amayi, ngakhale zitanditengera nthawi yaitali kuwapeza.

Madzulo ndi Loweruka ndimayendera mabanja aja chimanjamanja, opanda kope kapena fomu. Ndatungako madzi pa mjigo ku Highfield, komwe mipope imakhala youma masiku ambiri. Ndakhalanso nawo pa msonkhano wa gulu lothandizana pa maliro, pomwe mlembi amaitana maina mmodzimmodzi, aliyense n'kuponya dola yake m'mbale. Magulu amenewa ndi akale zedi. Anayambika chifukwa munthu akafera kutali ndi abale, pamafunika anthu omuika m'manda mwaulemu ndi kutumiza uthenga kumudzi. Poyamba kuchedwa kwa chilolezoku kumandipweteka, koma ndikuona kuti anthu ayamba kundizolowera ngati mwana wa pakhomo ndisanawatulutsire mafunso, ndipo zimenezi sindikadazipeza ndikadayambira kuwerenga mafaelo.

Loweruka, 23 Malichi

Chilolezo chinatuluka Lachinayi. Lero ndajambula kucheza koyamba, ndi agogo ena aakazi a ku Mufakose. Dzina lawo sindilemba pano, monga tinapanganirana.

Anabadwira ku lokeshoni ya Harari, yomwe lero ndi Mbare, cha m'ma 1940. Bambo awo anali a ku Ntcheu, ankaphikira mzungu. Mayi awo anali a ku Dedza, anabwera pambuyo ndi mwana kumsana. Agogowa sanapondepo ku Malawi. Nyumba yawo ndi ya zipinda zinayi, kutsogolo kuli mtengo wa mapeyala ndi kadimba ka kovo komwe amathirira ndi madzi otsukira mbale.

Nditawawerengera fomu yopempha chilolezo chawo, anavomera, kenako analowa kuchipinda n'kutulukako ndi chitini chakale cha mabisiketi chomangidwa ndi nsanza ya chitenje. Anachitsegulira pamphasa. Munali chithunzi cha bambo awo atavala yunifolomu yoyera ya ukhukhi, kalata imodzi yothetheka m'mapindiro yolembedwa ndi pensulo, ndi chitupa chawo chachitsulo, chija cha kale, m'mbali mwake mutasalala ndi kugwiridwa. Anandipatsira m'manja n'kuloza ndi chala pomwe panalembedwa ALIEN.

"Werenga, mdzukulu wanga. Mchombo wanga uli ku Mbare kuno. Ana anga onse ndinaberekera kuno, amuna anga ndinawaika kuno. Koma chitsulochi chimati ndine mlendo."

Anasimba za chisankho cha 2002, momwe anaimira pamzere kuyambira m'mawa n'kubwezedwa. Chinachitika n'chakuti mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo aliyense woganiziridwa kuti ali ndi unzika wa dziko lina anapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi kuti aukane motsatira malamulo a dziko linalo. Anthu ngati agogowa anauzidwa kukana unzika womwe sanaugwirepo n'komwe. Ambiri sanamve, ena analibe ndalama zoyendera maofesi. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anakonza zimenezi: munthu wobadwira mu Zimbabwe, yemwe kholo lake linali nzika ya dziko la SADC, ndipo ankakhala kuno pa tsiku lomwe malamulowo anasindikizidwa, ndi nzika yobadwa nayo. Malamulo omwewo anaika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka ndi boma. Zidzukulu zawo zinasintha zitupa. Iwo ayi. "Ndikaimenso pamzere ndi mawondo awa?"

Tinacheza mpaka dzuwa kupendeka. Nditazimitsa chojambulira, anandiyang'ana kanthawi.

"Wanditapa m'kamwa tsiku lonse. Nanga iwe undipatsa chiyani?"

Ndinayamba kufotokoza kuti malamulo a kafukufuku salola kulipira anthu. Anandidula.

"Ndalama zako sunga, ndiwe mwana wasukulu. Undipezere kwawo kwa atate. Ndingomva kuti kuli anthu."

Zomwe akudziwa ndi zitatu zokha: dzina la mudzi monga bambo awo ankalitchulira, kuti ndi kwa Njolomole, ndi dzina la mlongo wa bambo awo amene analemba kalata ija. Sindinalonjeze kuti ndipeza. Ndinalonjeza kuti ndifunsa.

Pondiperekeza anandidutsitsa pa kamunda kawo m'dambo la kuseri kwa nyumba, momwe anthu a m'lokeshoni amagawana timizere. Chimanga chonse chauma chili chiimire, zisononkho zake zosakwana chikhatho. Anathyola chimodzi n'kuchisenda, munali njere zowerengeka. Ndili mu kombi ndinaona pa foni kuti Pulezidenti Chakwera walengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Nditaimbira mayi ku Balaka, anati m'munda mwathu simutuluka ngakhale ngolo imodzi.

Lamulungu, 31 Malichi

Pasaka. Sabata ino ntchito sinayende kwenikweni, kupatula kulemba pakompyuta zomwe agogo aja analankhula, zomwe zikudya nthawi kuposa momwe ndinkaganizira chifukwa mawu a Chishona ndimachita kufunsa mnzanga wa m'chipinda. Anzanga ambiri apita kwawo, hositelo ili zii. Kwandipweteka kukhala kutali pamene kunyumba kuli njala, ndipo ndatumiza kangachepe kuchokera pa ndalama yanga ya chakudya. Banja la ku Highfield linandiitana kuti ndikagone kumeneko, ndinapita.

Ndalembera amalume, omwe amakapikula mbatata ya kachewere ku Lizulu, kuti akafunse za mudzi uja.

Lachiwiri, 9 Epulo

Zinthu ziwiri zagwedeza mzinda uno. Pa 3 Epulo Pulezidenti Mnangagwa nayenso analengeza kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha chilala, n'kunena kuti pakufunika ndalama zoposa madola 2 biliyoni. Pa 5 Epulo banki yaikulu inalengeza ndalama yatsopano, ZiG, yomwe akuti yatsamira pa golide ndi ndalama zakunja, ndipo inayamba pa 13.56 pa dola imodzi ya ku America. Mapepala ake sanafike m'manja mwa anthu, akuti afika kumapeto kwa mwezi, koma ndalama zakale zija makondakitala ndi ogulitsa m'misika ayamba kale kuzikana. Zotsatira zake, chenje chasowa. Ulendo womwe ndinkalipira theka la dola tsopano ndikulipira dola yathunthu, pokhapokha ndipeze mnzanga wotsikira pamodzi kuti tiphatikizane. Bajeti yanga ya mayendedwe inawerengedwa pa mtengo wakale. Ndaganiza zosiya Dzivarasekwa, n'kulimbikira Mbare, Highfield ndi Mufakose, komanso kuika macheza awiri tsiku limodzi kudera limodzi.

Ku National Archives, pa Borrowdale Road, ndayambako. Mafaelo ndimaitanitsa m'mawa n'kuwerenga mpaka atseke. Ndapeza makalata a mabwana odandaula za antchito othawa ndi malipoti a kayendedwe ka anthu pa malire. Mawu a antchito eniakewo ndi osowa. Ndikawerenga tsamba lonena za "mbadwa za ku Nyasaland" mwachisawawa, ndimaona nkhope ya bambo wa yunifolomu yoyera uja, ndipo ndimawerenga mosiyana.

Nyengo yasintha. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo ngakhale masana dzuwa likuwala, m'mawa ndi usiku kwayamba kuzizira kolasa m'mafupa kwa ine mwana wa ku Balaka. Ndagula juzi ya kaunjika ku Mbare. Anzanga akuti ichi n'chiyambi chabe, ndidikire Juni. Masika ano ndi achilendo: pa Mbare Musika chimanga chachiwisi, maungu ndi nzama zilipo zochepa ndipo n'zodula, pomwe ino ndi nthawi yoti zizichita kutayika.

Loweruka, 13 Epulo

Kunali gule pa mwambo wokumbukira malemu kudera lina lakumadzulo kwa mzinda. Anandiitana ndi bambo wina wa m'gulu la maliro lija. Ng'oma zake, nyimbo zake, ndi momwe amayi amayankhira, zonse ndi za kwathu, ngakhale oimba ambiri ndi ana obadwira kuno omwe pakhomo amalankhula Chishona. UNESCO italemekeza gule wamkulu mu 2005 inatchula Malawi, Mozambique ndi Zambia. Zimbabwe palibe, chonsecho guleyu wavinidwa m'mafamu, m'migodi ndi m'malokeshoni a kuno kwa mibadwo.

Mkulu wa gule anandiuza mosapita m'mbali: za pabwalo ndione ndi maso, foni ikhale m'thumba, ndipo za kudambwe ndisafunse. Ndavomera ndi mtima wonse, ndipo mu lipoti simudzakhala chithunzi cha gule. Anthuwa akhala akunyozedwa kokwanira ndi anansi omwe amaona guleyu ngati ufiti. Chomwe anandilola kulemba ndi mbiri ya banja lake. Anakulira pa famu ya fodya, anachoka mu 2000 mafamu atalandidwa, anamanga kachisakasa m'tauni, ndipo mu 2005 kanagwetsedwa pa Murambatsvina, ntchito ya boma yogwetsa nyumba zomwe linkati n'zosaloledwa m'matauni. Anzawo obadwira m'mabanja a Chishona anali ndi midzi yothawirako. Iye atauzidwa kuti abwerere kumudzi, analibe mudzi woloza.

Lachisanu, 19 Epulo

Dzulo kunali tchuthi cha ufulu wa Zimbabwe, womwe unabwera mu 1980, ndipo ndinakhala tsiku lonse ku Mufakose, chifukwa amalume ayankha.

Mudzi uja ulipo. Amalume anafunsa kwa ogulitsa anzawo pa Lizulu, wina anawalozera kwa nyakwawa, nyakwawa inawatengera kwa gogo wina wamwamuna yemwe ndi mwana wa mlongo uja wolemba kalata. Anakula akumva kuti amalume awo anapita ku Halale ndipo sanabwerere. Tinapangana nthawi, amalume anapita ndi foni yawo, ndipo tinaimba pa WhatsApp.

Agogo anavala chitenje chatsopano ngati akuyembekezera alendo. Foni italumikizika, onse awiri anangoti chete. Kenako gogo wa ku Ntcheu anati, "Kodi ndinu asuweni anga?" Agogo anaombera m'manja n'kuyamba kutchula maina a akufa mmodzimmodzi, winayo akuvomera amene akuwadziwa. Anafunsa za manda a agogo awo, anauzidwa kuti alipo. Netiweki inkadukaduka, mawu ena ankasowa, koma analankhulana mpaka bandulo ya amalume inatha.

Sizinathe mosalala. Madzulo amalume anandiimbira paokha. Akuti foni itatha, mphwake wa gogo uja anawakokera pambali n'kufunsa ngati anthu a ku Zimbabwewa akufuna kubwera kudzatenga malo, poti minda ndi yochepa kale ndipo chaka chino kuli njala. Kuno nako, mdzukulu wina wa agogo wandifunsa ngati zimenezi zingamuthandize kupeza pasipoti ya Malawi. Mafunso onse awiri ndi omveka, ndipo ine si woyenera kuwayankha. Mdzukuluyo ndamulozera ku ofesi ya kazembe wa Malawi. Za malo ndawauza agogo momwe ziliri, osabisa. Anati, "Ukawauze kuti khasu ndinaliika pansi. Ndimafuna abale, osati munda." Uthengawo ndaupereka.

Nkhani yafala kale. Kufika lero mabanja ena andipatsa timapepala ta maina a midzi ya ku Dedza, Mangochi, Nkhotakota ndi Mzimba. Ndinalembera aphunzitsi a ku Zomba. Iwo akuda nkhawa kuti ndisanduka ofesi yofufuza abale n'kulephera kumaliza lipoti, komanso kuti anthu angayambe kuvomera kucheza nane pofuna thandizo basi. Nkhawa yawo ndikuimva. Komabe ine ndili ndi tsiku lobwerera kwathu lolembedwa pa chilolezo changa, pomwe anthu amene akundidyetsa ndi kunditsegulira zitini zawo alibe. Kuchoka ndi mawu awo m'chikwama, osayesako n'komwe kufunsa kumudzi komwe kwa ine n'kongoimba foni, sindingakwanitse.

Tagwirizana motere. Kufufuza abale kukhala padera, sikulowa mu lipoti pokhapokha banja litalola. Ndizikuchita kucheza kukatha, osati kusanayambe. Sindilumikiza anthu pa foni mpaka a kumudzi atafunsidwa kaye paokha n'kuvomera, ndipo ndizinena poyambirira kuti za malo ndi za mapasipoti si zanga. Banja lililonse lidzalandira mawu ojambulidwa a kholo lawo ndisanachoke.

Gawo la mafaelo lili m'mbuyo ndi pafupifupi mwezi, ndiye ndalipatsa Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse mpaka kumapeto kwa Meyi. Amayi ocheza nawo akadali ochepa poyerekeza ndi abambo, koma amayi a chigwirizano a ku Highfield alola kuti ndikakumane nawo akatha mapemphero awo sabata yamawa. Lolemba ndikaonana ndi shehe wina ku Mbare, chifukwa mpaka pano mbali ya Ayao sindinaigwire n'komwe, ndipo ndikufunika munthu wondithandiza Chiyao.